OED ya pa intaneti, dikishonale yolondola mbiri ya mawu a Chizungu: zomwe mupezamo ndi zoti musamale nazo

Poyamba tisiyanitse kaye zinthu, chifukwa ambiri akangomva kuti dikishonale ya Oxford maganizo awo amathamangira ku timabuku tija ta ana asukulu tolembedwa Oxford pachikuto. Yomwe ndikunena ineyo ndi ina, dzina lake lonse ndi Oxford English Dictionary, ambiri amangoidula kuti OED, ndipo ntchito yake ndi yolondola mbiri ya mawu a Chizungu. Imatenga liwu limodzi n'kulitsata kuchokera pomwe linayamba kupezeka polembedwa mpaka lero, tanthauzo lililonse lomwe liwulo linakhalapo nalo ngakhale lomwe linafa zaka 400 zapitazo, ndipo pansi pa tanthauzo lililonse amakuikirani ziganizo zenizeni zotengedwa m'mabuku, m'makalata, m'manyuzipepala, chilichonse ndi chaka chake komanso dzina la amene analemba. Ine ndimaigwiritsa ntchito powerenga zolemba zakale za Chizungu ndipo ndimaikonda kwambiri, sindibisa, koma ndi chida chofuna kuchidziwa kagwiridwe kake apo bii chikusokeretsani, nde ndati ndifotokoze bwinobwino musanatulutse ndalama zanu.

Pa intaneti inafikapo mu 2000, ndipo mu 2023 webusaiti yake anaisintha maonekedwe. Pano mukalemba liwu m'kabokosi kosakira kaja peji imabwera yogawidwa zigawozigawo. Gawo loyamba ndi lachidule ndipo aliyense atha kuliona ulere, limangokuuzani kuti liwuli lili ndi matanthauzo angati, umboni wake woyamba ndi wa nthawi iti, linachokera ku chiyankhulo chanji. Kenako pali gawo la chiyambi cha liwulo, la katchulidwe komwe mumatha kumvetsera mmene aku Britain ndi aku America amalitchulira, la masipelo onse akale, ndi lina loonetsa ngati liwulo ndi lofala kapena losowa. Koma pomwe pagona nkhani ndi pa gawo lotchedwa Meaning & use, ndipo apa mpomwe pamafunika kuti mukhale mwalipira kapena mwalowera kudzera ku laibulale. Muli mawu opitirira 500,000 ndi ziganizo zaumboni zopitirira 3 miliyoni, zochokera m'zaka zoposa 1,000 za chiyankhulochi.

Kuti mumvetse zomwe ndikunena tsegulani liwu loti nice. Lero aliyense amalidziwa, munthu wabwino, tsiku labwino, chinthu chosangalatsa basi. Koma tanthauzo lomwe lili pamwamba pa pejipo ndi loti wopusa, chitsiru, la cha m'ma 1300, ndipo mukapita ku chiyambi chake mupeza kuti linadzera ku Chifalansa kuchokera ku liwu la Chilatini loti nescius, munthu wosadziwa kanthu. Nde mumatsika pang'onopang'ono mukuona liwulo likusuntha, pena likunena munthu wotayirira pa khalidwe, pena wokonda kudzikongoletsa mopitirira muyeso, pena wamanyazi, kenako wosankhasankha wovuta kumukhutiritsa, kenako chinthu chofuna kuchiyeza mosamala kwambiri, ndipo tanthauzo ili lidakalipobe mwa anthu ena akamati a nice distinction, kusiyana kwakung'ono kofuna diso lakuthwa. Loti chosangalatsa lija likudzatulukira m'zaka za m'ma 1700, mochedwa zedi. Chomwe chimandigwira mtima pa liwu limeneli n'chakuti akonzi akale aja anavomera poyera kuti m'ziganizo zambiri za m'ma 1500 ndi 1600 n'zovuta kudziwa kuti wolembayo ankatanthauza chiti mwa zonsezi. Akanatha kungosankha tanthauzo limodzi n'kulikakamiza ife osadziwa kanthu, koma iwo anaika ziganizozo pamenepo kuti owerenga adzionere okha, ndipo n'chifukwa chake ndimaikhulupirira ikanena zina motsimikiza.

Silly linayenda njira yosemphana ndi nice. Muzu wake mu Chizungu chakalekale unkatanthauza wodala, wamwayi, kenako wosalakwa, kenako womvetsa chisoni, wofooka wosatha kudziteteza, mpaka pofika m'ma 1500 linakafika pa wopusa. Mukaziwerenga motsatana chonchi mumaona kuti palibe pomwe panadumphidwa, sitepe iliyonse ikumveka, munthu wosalakwa savuta kumupusitsa, ndipo wosavuta kumupusitsa anthu amayamba kumuona ngati chitsiru. Ena ndingodutsapo mwachangu. Meat linali chakudya chilichonse. Deer linali nyama iliyonse yamtchire, m'bale wake wa liwu la Chijeremani loti Tier lomwe mpaka pano limatanthauza nyama basi. Girl cha m'ma 1300 linali mwana aliyense kaya wamwamuna kaya wamkazi. Computer likupezeka kale mu 1613 ndipo linali munthu, amene ntchito yake inali yowerengera masamu, makina anadzalanda dzinali patapita zaka mazanamazana.

Apa mpomwe pali msampha woyamba, ndipo ndi womwe umagwira anthu ambiri ongoyamba kumene. Madikishonale wamba amaika pamwamba tanthauzo lomwe likugwira ntchito kwambiri lero. OED imayamba ndi lakale kwambiri, ndiye mukangotsegula n'kukopera tanthauzo nambala wani n'kuliika mu asainimenti yanu mutha kukhala kuti mwatenga chinthu chomwe palibe wachigwiritsapo ntchito kuchokera nthawi ya Mfumukazi Elizabeth woyamba, m'ma 1500. Muziona zaka zomwe zalembedwa pambali. Kachizindikiro kokhala ngati kamtanda kakakhala kutsogolo ndiye kuti tanthauzolo linafa. Chilembo c chikakhala kutsogolo kwa chaka ndiye kuti ndi cha m'ma pamenepo, chilembo a ndiye kuti zinalembedwa chakacho chisanafike, nthawi zambiri chifukwa tsiku lenileni silidziwika koma wolembayo akudziwika chaka chomwe anamwalira. Tinthu ting'onoting'ono timeneti mukatizolowera peji yonse imayamba kumveka.

Kwa ine pomwe imaonetsa mphamvu zake zonse ndi powerenga Baibulo la King James la 1611, lomwe anthu ambiri amaliwerengabe ndi kulalikira nalo. Mawu achilendo ngati thee ndi thou savuta kwenikweni chifukwa munthu amaoneratu kuti ndi akale. Ovuta ndi aja ooneka ngati mukuwadziwa. Pa Levitiko 2 pali meat offering, munthu n'kuganiza kuti ndi nsembe ya nyama, koma werengani mavesiwo, zomwe zikuperekedwa ndi ufa wosalala, mafuta ndi lubani, nyama mulibemo, chifukwa meat nthawi imeneyo linali chakudya chabe. Pa Salimo 119 vesi 147 wolemba akuti I prevented the dawning of the morning, sanaletse kunja kucha ayi, prevent linachokera ku Chilatini kutanthauza kutsogola, kufika patsogolo, ndiye akunena kuti anadzuka kusanache. Pa Aroma 1 vesi 13 Paulo akuti ankafuna kubwera but was let hitherto, ndipo let ameneyu ndi woletsa osati wolola, ndi liwu lina lapadera lomwe linangofanana sipelo ndi linzake, lidakalipo mu pasipoti ya ku Britain pomwe analemba without let or hindrance komanso mu tenesi mpira ukakhudza neti poseva. Koma yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya pa 1 Petro 3 vesi 1, pomwe akunena kuti amuna osamvera mawu atha kukopeka popanda mawu by the conversation of the wives. Mukatenga conversation wa lero vesili likudzitsutsa lokha, akopeke bwanji popanda mawu kudzera m'kucheza? Koma conversation wa nthawi imeneyo anali khalidwe, mmene munthu akukhalira pakati pa anzake. Tangoganizani ulaliki wonse womangidwa pa tanthauzo lolakwika, anthu n'kumapita kwawo akuganiza kuti awuzidwa kuti aziyankhula kwambiri pomwe vesi ikunena za makhalidwe. Mu OED mumaona tanthauzo la khalidwe lija ndi ziganizo zake, n'kuona pomwe la kucheza linayambira kulowa m'malo mwake, simukungouzidwa koma mukuona ndi maso anu.

Mwina mukudabwa kuti ziganizo mamiliyoni zimenezi anazitola ndani kompyuta kulibe. Nkhani yake inayamba mu 1857 ku London, ku bungwe la akatswiri a ziyankhulo la Philological Society, pomwe Richard Chenevix Trench yemwe anali mkulu wa tchalitchi cha Westminster anadandaula kuti madikishonale a nthawi imeneyo anali operewera. Mfundo yake inali yoti wolemba dikishonale akhale wolemba mbiri ya chiyankhulo osati woweruza kuti liwu ili ndi labwino ili ndi loipa, onse alowe. Mkonzi woyamba Herbert Coleridge anamwalira mu 1861 ali ndi zaka 30 zokha. Frederick Furnivall anatenga ntchitoyo koma anali ndi zochita zambirimbiri, timapepala tambiri tolembapo ziganizo zaumboni tinabalalika, moti mkonzi watsopano James Murray atatilandira mu 1879 m'thumba lina anapezamo khoswe wakufa. Murray ameneyu anali mwana wa telala wa ku Scotland, sukulu anasiya ali ndi zaka 14, ziyankhulo anadziphunzitsa yekha. Anamanga kanyumba kamalata pafupi ndi nyumba yake ku Mill Hill, kenako ku Oxford, n'kukatcha Scriptorium, mkati mwake mashelefu a timabokosi toposa 1,000, ndipo analengeza pempho kwa anthu onse owerenga Chizungu kuti aziwerenga mabuku, akapeza liwu alilembe pakapepala pamodzi ndi chiganizo chake, dzina la buku, chaka ndi peji, n'kutumiza pa positi. Makalata anachuluka mpaka a positi ofesi anamuikira bokosi la makalata pakhomo pake penipeni. Ana ake 11 ankathandiza kusanja timapepalato motsatira alifabeti.

Pali kanthu kamodzi ka nthawi imeneyo komwe kamaonetsa vuto lenileni la ntchito yotere. Anthu odzipereka aja ankakopeka ndi mawu achilendo n'kumadumpha mawu wamba, moti Murray anadandaula kuti pa liwu losowa loti abusion anapeza ziganizo pafupifupi 50 pomwe pa abuse sizinakwane n'zisanu zomwe. Chonsecho mawu wamba ndi omwe ali ndi mbiri yovuta kwambiri. Ankaganiza kuti ntchito yonse itenga zaka 10. Patatha zaka 5, mu 1884, gawo loyamba linatuluka ndipo linangofika pa liwu loti ant. Murray anamwalira mu 1915 ali pa chilembo T, ndipo anzake Henry Bradley, William Craigie ndi Charles Onions ndi omwe anagwira zigawo zina mpaka ntchito inatha mu 1928, zaka zoposa 70 kuchokera pomwe Trench anayankhula. Mwa otumiza timapepala munali William Chester Minor, dokotala wa asilikali wa ku America yemwe anawombera munthu ku Lambeth mu mzinda wa London mu 1872 mutu utasokonekera n'kusungidwa ku chipatala cha amisala cha Broadmoor, ali mommo anatumiza ziganizo zikwizikwi kwa zaka zambiri, ndipo njira yake inali yanzeru, ankalemba mndandanda wa mawu a m'mabuku ake akale n'kumafunsa akonzi kuti pano muli pa liwu liti kuti awatumizire zomwe akufuna nthawi yomweyo. J.R.R. Tolkien, wolemba buku la The Lord of the Rings, nayenso anagwirako ntchito mu 1919 ndi 1920 pa mawu ena oyamba ndi W monga walrus. Liwu limodzi, bondmaid, timapepala take tinasokera ndipo silinatuluke m'buku loyamba, linadzalowa mu zowonjezera za 1933.

Ndafotokoza zonsezi chifukwa zikukhudza zomwe mukugula lero. Zambiri zomwe mukuwerenga pa sikirini yanuyo ndi ntchito ya anthu amenewa, ndipo apa mpomwe pali msampha wachiwiri, waukulu kuposa woyamba uja. Buku lachiwiri la 1989, la mavoliyumu 20 ndi masamba opitirira 21,000, kwenikweni linali kuphatikiza buku loyamba ndi zowonjezera zinayi zomwe Robert Burchfield anakonza pakati pa 1972 ndi 1986, n'kuwonjezerapo mawu atsopano pafupifupi 5,000. Matanthauzo akale ambiri sanawakhudze. Kukonza kwenikweni, liwu ndi liwu, kunayamba kutuluka mu 2000 kuyambira pa chilembo M, pambuyo pake anayamba kumasankha mawu ofunika kulikonse m'alifabeti, amatulutsa zatsopano kanayi pachaka, koma mpaka pano ntchitoyi sinathe. Ndiye webusaitiyi ili ngati nyumba yomwe chipinda china achikonza chaka chatha pomwe china chidakali mmene anachisiyira agogo. Mutha kutsegula liwu limodzi lofufuzidwa posachedwapa ndi umboni wa m'makompyuta, n'kutsegula lina loyandikana nalo lomwe tanthauzo lake linalembedwa m'ma 1890 ndipo chiganizo chake chomaliza ndi cha nthawi ya Mfumukazi Victoria. Chabwino n'chakuti sabisa, pa liwu lililonse amalemba kuti linatuluka koyamba liti ndipo ngati lakonzedwa kapena ayi. Chonde abale muziyang'ana pamenepo musanawerenge china chilichonse. Liwu likakhala losakonzedwa, chaka chake choyambirira chitha kudzabwerera m'mbuyo ndi zaka makumimakumi, ndipo kusapezeka kwa chiganizo chaposachedwa sikukutanthauza kuti liwulo linafa.

Chaka choyambiriracho ndi chomwenso anthu amachimva molakwika kwambiri. Sichaka chomwe liwu linabadwa, ndi chaka cha pepala lakale kwambiri lomwe lapezeka pakadali pano. Anthu amayankhula kaye, kulemba kumabwera pambuyo, ndipo zolembedwa zambiri zinapsa kapena kuwola. Apa mpomwe panachokera nkhani ija imayenda kwambiri yoti Shakespeare anapeka yekha mawu zikwi za Chizungu. Anthu a nthawi ya Victoria aja ankamuwerenga Shakespeare mzere ndi mzere, ziganizo zake mu dikishonaleyi n'zopitirira 30,000, pomwe olemba ena a nthawi yake sanawerengedwe mosamala chomwecho, nde mwachidziwikire iye ankapezeka woyamba pa mawu ambiri. Wofufuza wina, Jürgen Schäfer, anaonetsa kukondera kumeneku kale mu 1980, ndipo pano mabuku akale zikwizikwi atalowetsedwa m'kompyuta mawu ambiri omwe ankati ndi a Shakespeare akupezeka kwa anthu ena omwe analemba iye asanalembe. Izi sizikumuchepetsa munthuyo, luso lake linali pa kagwiritsidwe ntchito ka mawu, koma mukawerenga penapake kuti liwu ili analipeka ndi iyeyo pitani mukaone ngati pejiyo yakonzedwa.

Kukondera kwa magwero sikunathere pa Shakespeare. Owerenga aja ankatenga zomwe iwo ankaziona kuti ndi mabuku apamwamba, Walter Scott, Milton, Chaucer, nyuzipepala ya The Times, ndiye olemba achizimayi, anthu wamba komanso anthu a m'maiko omwe Britain inkalamulira amamveka pang'ono kwambiri m'zigawo zakalezo. Matanthauzo ena okhudza anthu omwe si a ku Ulaya analembedwa ndi diso la atsamunda, ndipo ngakhale ambiri akukonzedwa, ziganizo zakale zonyoza zimakhalapobe chifukwa ndi umboni wa mmene liwulo linkagwirira ntchito. Zimawawa kuziwerenga, koma ine ndingakonde zikhalepo ndi chaka chake ndi dzina la amene ananena kusiyana n'kuzifufuta ngati sizinachitike. Ngakhale liwu loti African Murray analisiya m'gawo loyamba poganiza kuti ndi lochokera ku dzina la malo chabe, koma atafika pa American anaona kuti sangalisiye n'kuliika. Mawu awiri otukwana odziwika kwambiri a Chizungu, okhudza zakugonana, anawasiya dala mpaka 1972, chonsecho anthu akhala akuwanena kwa zaka mazana.

Zaka zaposachedwazi akuyesetsa kutseka mipata imeneyi ndipo ndiwayamikire. Mu Januwale 2020 anawonjezera mawu 29 a Chizungu cha ku Nigeria, monga okada, njinga yamoto yonyamula anthu, danfo, minibasi zachikasu za ku Lagos, ndi next tomorrow lomwe likutanthauza mkuja. Mu 2022 anaikamo a kum'mawa kwa Africa monga daladala, minibasi za ku Tanzania. Ndipo amawachitira chimodzimodzi ndi mawu ena onse, chaka, chiganizo, gwero, osati kuwaika pakona ngati Chizungu chothyoka. Komabe tinene zoona, poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu oyankhula Chizungu ku Africa, ku India ndi ku Caribbean zomwe zilimo zidakali zochepa, ndipo njira yawo yodalira zolembedwa imachititsa kuti liwu lomwe anthu mamiliyoni amalinena tsiku lililonse koma silinalembedwe kwambiri lichedwe kulowa.

Chinthu china chomwe chimasangalatsa ndi kupeza kuti zambiri zomwe timati ndi za achinyamata a lero ndi zakale kuposa agogo athu. OMG, chidule cha oh my God, yomwe inalowa mu 2011, umboni wake woyamba ndi kalata ya 1917 yomwe mkulu wakale wa asilikali apamadzi a ku Britain John Fisher analembera Winston Churchill. Unfriend anthu amaganiza kuti inabwera ndi Facebook koma Thomas Fuller anailemba mu 1659. Literally wongotsindika nkhani, uja aphunzitsi amadana naye, akupezeka mu 1769 m'buku la Frances Brooke. They wonena munthu mmodzi akupezeka cha m'ma 1375. Izi zimathandiza kwambiri mukakumana ndi anthu okonda kunyoza anzawo kuti akuononga chiyankhulo. Koma musapitirire nazo, ukale wa liwu sukupatsani chilolezo choliika mu kalata yofunsira ntchito. OED ikuuzani kuti chinthu chilipo ndipo chakhalapo kuyambira liti, pena imaikapo kachizindikiro koti ndi chapamsewu kapena chonyoza kapena cha dera lina, koma kusankha choyenera pamalo pomwe mulipo ndi kwanu. Chimodzimodzi aja amati tanthauzo lenileni la liwu ndi loyambirira, dikishonaleyi imawatsutsa pa peji iliyonse, apo ayi tikanamati munthu nice ndi chitsiru mpaka lero.

Mkati mwake mulinso Historical Thesaurus, ntchito yomwe inayamba ku yunivesite ya Glasgow mu 1965 n'kudzatuluka mu 2009. Iyi imatembenuza zinthu, mumayambira pa ganizo, tinene kuti chisoni kapena kuba kapena mvula, n'kukuonetsani mawu onse omwe Chizungu chinagwiritsapo ntchito pa ganizolo motsatira zaka. Kwa wolemba nkhani yochitika m'ma 1800 yemwe sakufuna kuika mkamwa mwa munthu liwu lomwe linali lisanabadwe, kapena womasulira zolemba zakale, ichi chokha n'chokwanira kulipirira. Kusaka kwapamwamba nakonso n'kothandiza, mutha kufunsa mawu onse omwe analowa kuchokera ku Chiarabu kapena Chihindi m'zaka zakutizakuti, kapena ziganizo zonse za wolemba mmodzi.

Konzekani kuwerenga zinthu zazitali. Mu buku la 1989 liwu lalitali kwambiri linali set ndi matanthauzo 430, koma run litakonzedwa mu 2011 linafika 645 pa mneni pokha, ntchito yomwe inamutengera mkonzi Peter Gilliver miyezi yambiri. Mawu otere ndi bwino kuwatsegula pa kompyuta mutakhala pansi, pa foni ndi pongoonera mwachangu. Ndipo langizo langa lalikulu ndi loti muziwerenga ziganizo kuposa tanthauzo lomwe akonzi analemba pamwamba pake. Tanthauzolo ndi maganizo a munthu mmodzi wa chaka chinachake, ziganizozo ndi umboni, ndipo nthawi zina mukaziwerenga motsatana mumaona kanthu komwe tanthauzo lachidule lija silinakwanitse kugwira, monga kuti liwu linkanenedwa kwa akazi okha, kapena kuti linayamba ngati lachipongwe kenako n'kusanduka laulemu.

Nanga ndani ayenera kulipira? Ngati mukuphunzira Chizungu kuti muzilemba ndi kuyankhula bwino, iyi si yanu pakadali pano, ikusokonezani, dikishonale ya ophunzira yokhala ndi zitsanzo za lero ikuthandizani kuposa. Koma ngati ndinu mphunzitsi wa litiretcha, mlaliki wowerenga King James, loya wolimbana ndi malamulo olembedwa zaka 100 kapena 200 zapitazo, womasulira, wofufuza mbiri, kapena munthu chabe wokonda mawu, sindikudziwa china cholowa m'malo mwake pa Chizungu. Musanalipire nokha fufuzani kaye ngati yunivesite yanu kapena laibulale yomwe muli membala inalembetsa kale, mayunivesite ambiri amatero, ndipo ku Britain malaibulale ambiri aboma amalola munthu kulowa ndi nambala ya khadi lake ali kunyumba.

Ngati palibe njira, pali zina zaulere zokufikitsani pena. Online Etymology Dictionary ya Douglas Harper imapereka chiyambi cha liwu ndi zaka mwachidule, yabwino pongoyambira koma ziganizo zaumboni mulibe zambiri. Middle English Dictionary ya yunivesite ya Michigan, yomwe inatha mu 2001, pa Chizungu cha nthawi ya Chaucer, wolemba ndakatulo wa m'ma 1300, imalowa mozama kuposa OED yeniyeniyo ndipo ndi yaulere. Dikishonale ya Samuel Johnson ya 1755 nayo ili pa intaneti, yothandiza mukafuna kuona mmene munthu wa nthawi imeneyo ankamvera liwu, ngakhale iye ankaikamo maganizo ake poyera. Dziwaninso kuti mawu omwe anafa chaka cha 1150 chisanafike OED inawasiya dala, amenewo akuwalemba a Dictionary of Old English ku Toronto.

Za mabuku osindikiza, ena amafunsa ngati kuli bwino kungogula mavoliyumu 20 aja kamodzi n'kuiwala zolipira chaka ndi chaka, kapena lija lophatikiza la 1991 lomwe anapanikiza masamba 9 pa tsamba limodzi n'kumaligulitsa ndi galasi lokulitsira zilembo. Ndi mabuku okongola ndipo pa mawu omwe sanakonzedwebe muwerenga pafupifupi zomwezo zomwe zili pa intaneti. Koma anaima mu 1989. Zonse zomwe zakonzedwa kuyambira 2000, zaka zoyambirira zomwe zabwezedwa m'mbuyo, run wa matanthauzo 645, okada ndi daladala, simuzipeza mmenemo, zili pa webusaiti pokha.